Kalata yotseguka kwa a Nduna: pa nthawi ya PE ana athu ambiri akungoonerera

Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, a Nduna oona za achinyamata ndi masewera, komanso akuluakulu okonza silabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi,

Ndikulemba kalatayi monga kholo komanso monga munthu amene ndakhala nthawi yaitali pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo nkhani yanga ndi imodzi. Phunziro la masewera olimbitsa thupi, limene ana amangolitchula kuti PE, likupindulira ana ochepa kwambiri m'sukulu zathu, pamene pali mtundu wina wa masewera umene ungathe kufikira ana otsalawo ngati inu mutaupatsa malo pa ndondomeko ya maphunziro ndi kukonzekeretsa aphunzitsi kuti aziuphunzitsa.

Zimene zimachitika pa nthawi ya PE mukuzidziwa, chifukwa nanunso munadutsa m'sukulu zomwezi. Mphunzitsi amatuluka ndi kalasi ya ana pafupifupi 100, m'manja ali ndi mpira umodzi kapena iwiri. Anyamata 22 amalowa m'bwalo la mpira wamiyendo, atsikana 14 amalowa m'bwalo la mpira wamanja, ndipo ena onse, amene ndi ochuluka kuposa osewerawo, amakakhala pansi pa mtengo kudikira kuti belu lilire. Sabata yotsatira osankhidwa amakhala omwewonso, popeza mtsogoleri wa timu aliyense amafuna kupambana ndipo amadziwa kale amene amathamanga. Otsalawo ndi mwana wamng'ono thupi, mwana wonenepa, mwana waulumali, mwana wamanyazi, ndi mtsikana amene wangotha msinkhu ndipo sakufuna kudumpha anyamata akuyang'ana. Kwa zaka zisanu ndi zitatu za ku pulayimale ana amenewa amaphunzira chinthu chimodzi chokha pa bwalo la sukulu, chakuti masewera ndi a anzawo. Kumene zinthu zafika poipa, nthawi ya PE imasanduka yosesa, yotchetcha udzu, kapena imaperekedwa kwa mphunzitsi wa masamu mayeso akayandikira.

Sindikutsutsana ndi mpira. Dziko limene latulutsa Mwai Kumwenda, Tabitha Chawinga ndi Temwa Chawinga lili ndi chifukwa chonyadira mabwalo ake a fumbi, ndipo mipikisano imene bungwe loona za masewera a m'sukulu la MASSA limayendetsa iyenera kupitirira ndi kuthandizidwa. Koma cholinga cha mpikisano ndi kupeza waluso mmodzi pakati pa ana ambirimbiri, pamene cholinga cha phunziro la m'kalasi ndi chakuti mwana aliyense atulukemo ataphunzira kanthu. Palibe mphunzitsi wamkulu amene angalole kuti pa nthawi ya Chichewa ana 36 okha ndiwo aziwerenga, enawo n'kumangomvetsera chaka chonse, koma pa PE talola zimenezi mpaka tazizolowera.

Masewera amene ndikunena ndi amene ofufuza a kunja amawatcha lifestyle sports. M'gululi muli kuyenda pa skateboard (kathabwa kokhala ndi timatayala pansi, kamene munthu amayenda ataimapo), kuchita maluso pa njinga, kukwera matanthwe ndi mapiri, kuseweretsa mafunde a panyanja munthu ataima pa thabwa, ndi parkour, yomwe ndi luso lodutsa zotchinga monga zipupa, masitepe ndi ngalande pothamanga, podumpha ndi pokwera. Parkour inayambira m'matauni a Lisses ndi Évry pafupi ndi Paris m'zaka za m'ma 1980, pakati pa achinyamata monga David Belle ndi Sébastien Foucan, ndipo mu 2017 dziko la Britain linaivomereza kukhala masewera odziwika ndi boma. Pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo, amene anachitika mu 2021, skateboard, kukwera makoma ndi kuseweretsa mafunde zinaloledwa koyamba, ndipo mendulo yagolide ya atsikana pa skateboard ya mumsewu inapita kwa Momiji Nishiya wa ku Japan, wa zaka 13, wachiwiri wake n'kukhala Rayssa Leal wa ku Brazil, wa zaka 13 yemwenso. Komabe sindikutchula za Olimpiki kuti tiyambe kulota mamendulo. Ndikungofuna kuti muone kuti masewerawa si uchigawenga wa ana a m'tauni monga ena amaganizira.

Chimene chimasiyanitsa masewerawa ndi mpira, ndipo ndicho mtima wa kalata yanga, ndi momwe mwana amalowera m'menemo. Mulibe kusankha timu, choncho palibe amene amatsala pomaliza ataima yekha anzake akumuseka. Mulibe woyimbira, mulibe zigoli zowerenga, ndipo kulephera kwa mwana mmodzi sikugonjetsa anzake khumi amene pambuyo pake angamunyoze popita kunyumba. Mwana amadziikira yekha malire amene akufuna kuwadutsa lero. Wina akuphunzira kudumpha kuchokera pa chipika chotalika kufika m'mawondo ndi kutera mofewa, mnzake akudumpha kuchokera pa khoma lofika m'chiuno, ndipo onse awiri ali pa bwalo limodzi, pa nthawi imodzi, aliyense akugwira ntchito yolingana ndi mphamvu zake. Mphunzitsi amene ali ndi ana 100 angathe kuwagawa m'magulu ang'onoang'ono pa malo osiyanasiyana ndipo onse n'kukhala akuyenda, chinthu chimene mpira umodzi sungathe kuchita.

Akatswiri a za maganizo, Edward Deci ndi Richard Ryan, akhala akuonetsa kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti munthu amapitiriza kuchita chinthu mwa kufuna kwake ngati akuona kuti wachisankha yekha, ngati akuona kuti luso lake likukula, ndiponso ngati akumva kuti ali pakati pa anzake omulandira. Mfundo zimenezi zagwiritsidwa ntchito kwambiri pofufuza za PE m'mayiko ambiri, ndipo zimafotokoza bwino chifukwa chake mwana amene amathawa mpira amatha kukhala ola lonse akuyesera kuimitsa njinga pa tayala limodzi. Wasankha yekha chochita, ndipo kusintha kwake akukuona ndi maso tsiku lomwelo, chifukwa dzulo amagwa asanayambe, lero wayenda mapazi angapo. Amene akumuphunzitsa nthawi zambiri ndi mnzake amene anadziwa lusolo sabata yatha, ndipo m'masewerawa muli chizolowezi chakuti wina akatha chimene chimamuvuta, anzake onse amaomba m'manja, ngakhale chitakhala chaching'ono poyerekeza ndi zimene iwo amatha. Mwana amene sanayamikiridwepo pa bwalo la sukulu amasintha kwambiri akaomberedwa m'manja koyamba, ndipo aphunzitsi amene azionapo zimenezi angakuuzeni kuti kusinthako kumalowa naye m'kalasi.

Pali phunziro linanso limene ndimaliona kukhala lamtengo wapatali kuposa nyonga za thupi. M'masewerawa kugwa ndi gawo la kuphunzira, ndipo chinthu choyamba chimene wophunzitsa parkour wabwino amaphunzitsa ndi kutera ndi kugubuduka kuti munthu asavulale. Mwana amayesa, amagwa, amadzuka, amaganizira chimene chinalakwika, n'kuyesanso, mwina kambirimbiri, popanda wina womulembera ziro. Sukulu zathu zadzaza ndi ana oopa kukweza dzanja chifukwa yankho lolakwika limabweretsa kuseka kapena chilango. Malo amodzi pa sabata pamene kulephera kuli kololedwa ndi koyembekezeredwa angathe kuchiza mantha amenewa kuposa malangizo onse amene timapereka pa asembule.

Za atsikana ndiyenera kunenapo mwapadera. Kafukufuku amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019, wokhudza ophunzira 1.6 miliyoni a zaka 11 mpaka 17 m'mayiko 146, anapeza kuti 81 mwa 100 aliwonse sakwanitsa ola limodzi pa tsiku la kulimbitsa thupi monga momwe bungweli limalangizira, ndipo kwa atsikana chiwerengerocho chinali 85 pamene kwa anyamata chinali 78. Zimene zinachitika ku Afghanistan zimatiphunzitsa kanthu pa nkhaniyi. Bungwe la Skateistan, limene linayamba ku Kabul mu 2007, linapeza kuti atsikana amene chikhalidwe chinkawaletsa kukwera njinga ndi kusewera mpira ankaloledwa kuyenda pa skateboard, chifukwa anthu ankaiona ngati chidole chatsopano chimene palibe anali atachigamula kuti ndi cha amuna. Atsikana ambiri analowa, ndipo bungweli linalumikiza masewerawo ndi maphunziro a m'kalasi, kenako mu 2016 linatsegula sukulu ina ku Johannesburg. Kuno kwathu mpira wamiyendo udakaonedwabe ndi ambiri ngati wa anyamata ndipo wamanja ngati wa atsikana, choncho masewera amene afika opanda chizindikiro chotere amapatsa anyamata ndi atsikana mwayi woyambira pa mzere umodzi. Koma mwayi umenewu umatha msanga mphunzitsi akapanda kusamala, chifukwa ngakhale m'mayiko amene masewerawa anayambira, mabwalo a skateboard amadzaza ndi anyamata amene amalanda malo, atsikana n'kubwereranso kukhala oonerera. N'chifukwa chake ndikupempha kuti masewerawa alowe kudzera m'phunziro lokhala ndi mphunzitsi wogawa malo ndi nthawi mwachilungamo, ndipo kumene kuli kofunika atsikana azikhala ndi nthawi yawoyawo poyamba.

Ndikudziwa kuti mudzandifunsa za ngozi, ndipo funsolo n'loyenera. Ana amathyoka mikono, amabzungunyuka mapazi, ndipo amene wamenyetsa mutu pa simenti wopanda chipewa chodzitetezera angathe kuvulala koopsa pamene chipatala chili kutali. Ngakhale akatswiri amavulala, monga Boipelo Awuah wa ku Kimberley m'dziko la South Africa, amene anafika ku Tokyo ali ndi zaka 15 koma anathyoka fupa la m'chiuno pokonzekera ndipo sanapikisane nawo, ngakhale kuti anadzabwerera ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024. Koma tinene zoona, ana athu akukwera kale mitengo ya mango, akudumpha kale ngalande, akutsetsereka kale ndi njinga zopanda mabuleki, ndipo akusambira kale m'madamu ndi m'mitsinje popanda wamkulu aliyense pafupi. Ngoziyo ilipo kale, chimene palibe ndi munthu wowaphunzitsa kuiyeza. Wofufuza wa ku Norway, Ellen Sandseter, amene waphunzira kwa nthawi yaitali za masewera a ana okhala ndi kangozi monga kukwera pamwamba ndi kuthamanga kwambiri, amanena kuti kudzera m'masewera otere ana amaphunzira kuzindikira zimene angathe ndi zimene sangathe, ndiponso kugonjetsa mantha pang'onopang'ono. Mwana amene waphunzitsidwa kuyang'ana pamene adzatere asanadumphe, kuyesa ngati nthambi ndi yolimba, ndi kunena mosachita manyazi kuti lero sindinakonzeke, ndi wotetezeka kuposa amene timangomuletsa n'kukachita zomwezo kuseri kwa sukulu.

Funso lachiwiri ndi la ndalama, ndipo apa ndikupempha kuti musaganize za kuitanitsa ma skateboard kuchokera kunja kukagawa m'sukulu zimene zilibe ngakhale madesiki. Skateboard imafuna simenti yosalala ndi zipewa, ndipo ingayambe m'sukulu zochepa za m'mizinda ngati papezeka othandiza. Ngakhale pamenepo pali chitsanzo cha ku Kitintale mumzinda wa Kampala, kumene achinyamata motsogozedwa ndi Jackson Mubiru anadzimangira okha bwalo la skateboard ndi njerwa ndi simenti zaka pafupifupi 20 zapitazo. Koma chimene tikufuna kutengera si chipangizocho ayi, ndi kaphunzitsidwe kake, ndipo kaphunzitsidwe kameneka kangagwire ntchito ndi zimene tili nazo. Parkour ya oyamba kumene imafuna zipika, matayala akale okwiriridwa theka, mchenga kapena utuchi poterapo, ndi mizere yolembedwa pansi ndi phulusa. Komiti ya sukulu ndi makolo angathe kukonza malo otere pa masiku ochepa a chitukuko.

Njinga ndi chuma chimene chili kale m'midzi yathu yambiri, ndipo achinyamata ochuluka amapeza chakudya ndi ntchito ya kabaza, koma palibe pamene mwana amaphunzitsidwa mwadongosolo kuikwera bwino, kuima mwadzidzidzi, kupereka chizindikiro ndi dzanja pokhota, kumanga mabuleki kapena kumata chubu. Njinga zochepa zobwerekedwa kwa makolo pa tsiku la PE zingathe kuphunzitsa kalasi yonse mosinthana, ndipo mtsikana amene waphunzira kukwera njinga molimba mtima wapeza njira yofikira ku sekondale yoyendera imene ili kutali ndi kwawo.

Kusambira ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Kuchokera ku Karonga kudzera ku Nkhata Bay, Likoma, Nkhotakota ndi Salima mpaka ku Mangochi, ana amakulira m'mphepete mwa nyanja ndipo amakwera mabwato, koma si onse amatha kusambira, makamaka atsikana, ndipo ana a kumtunda amene amakumana ndi mitsinje yosefukira nthawi ya dzinja ali pangozi yoposa. Madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 tonse tikuwakumbukira. Ku Bangladesh, pulogalamu ya SwimSafe imaphunzitsa ana kuyandama ndi kusambira mtunda waufupi m'maiwe a m'midzi momwemo, m'malo otchingidwa ndi nsungwi kuti mwana asapite pozama, ndipo ku Zanzibar bungwe la Panje Project limaphunzitsa ana ndi atsikana kusambira m'nyanja. Kwathu kuno payenera kusamalidwa za likodzo, ng'ona ndi mvuu posankha malo, mogwirizana ndi azaumoyo ndi mafumu, koma zimenezi ndi zifukwa zokonzekera bwino, osati zosiyira ana kuti aziphunzira okha mwangozi.

Mapiri nawo tili nawo. Anthu amachokera kutali kudzakwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 pa phiri la Mulanje, ndi kudzayesa thanthwe lalikulu la Chambe, ndipo chaka chilichonse pamakhala mpikisano wothamanga paphiripo wotchedwa Porters Race. Ku Lilongwe bungwe la Climb Malawi lili ndi khoma lophunzirira kukwera. Komabe ana ambiri a sukulu zimene zili m'tsinde mwa Mulanje, Zomba, Dedza kapena Michiru amalowa m'phiri pokatola nkhuni basi. Ulendo umodzi pa teremu wokwera phiri lapafupi, wotsogoleredwa ndi operekeza alendo odziwa njira, ungaphunzitse kupirira, kuthandizana, ndi kukonda nkhalango imene tikuwapempha kuti adzaisamale.

Ndipo tisaiwale kuti makolo athu anatisiyira masewera okhala ndi mzimu womwewu. Jingo, fulaye, phada ndi chipako safuna woyimbira, ana amagwirizana okha malamulo, amawonjezera okha kuvuta kwake, ndipo aliyense amapeza mpata wake. Atsikana amene amaoneka aulesi pa bwalo la mpira wamanja ndi omwewo amene amadumpha chingwe ndi kuzinda mpira wa fulaye mwaluso lodabwitsa pa nthawi yopuma. Masewera amenewa ayenera kulemekezedwa monga gawo lenileni la PE mpaka ku makalasi akuluakulu, osati kusiyidwa ngati zachibwana za Sitandade 1 ndi 2.

Ena adzanena kuti mwana wa kumudzi amene amayenda mtunda wautali kupita kusukulu, amatunga madzi ndi kulima safunika kulimbitsanso thupi. Ntchito imalimbitsadi minofu, koma siphunzitsa mwana kusangalala ndi thupi lake, ndipo munthu amaisiya tsiku limene wapeza womugwirira. Chimene chimakhala ndi munthu mpaka kukula ndi masewera amene anawakonda ndipo angathe kuwachita yekha, popanda kusonkhanitsa anthu 22 ndi kupeza bwalo. Poona momwe matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchulukira m'zipatala zathu, ndiponso pokumbukira kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno ndi osakwana zaka 18, zizolowezi zimene ana amenewa atuluke nazo kusukulu zidzaoneka pa bajeti ya zaumoyo zaka zikubwerazi.

Pempho langa kwa inu, olemekezeka, likuyambira pa aphunzitsi. Kuyambira pamene PE ya ku pulayimale inaphatikizidwa ndi nyimbo, zisudzo ndi zojambula m'phunziro la Expressive Arts, mphunzitsi mmodzi akuyembekezeredwa kudziwa zonsezi, ndipo n'zosadabwitsa kuti ambiri amasankha kulembetsa manotsi kapena kungoponya mpira. Makoleji a aphunzitsi a ku pulayimale pamodzi ndi koleji ya Domasi aphunzitse aphunzitsi momwe angayendetsere kalasi yaikulu m'magulu, momwe angakwezere kuvuta kwa luso pang'onopang'ono, momwe angaphatikizire mwana waulumali, ndi chithandizo choyamba munthu akavulala. Mphunzitsi safunika kukhala katswiri wodumpha zipupa, chofunika ndi kudziwa kukonza malo, kuyang'anira, ndi kulola ana kuphunzitsana. Alangizi a zamaphunziro m'mazoni aziona ngati nthawi ya PE ikugwiritsidwadi ntchito yake, monga amaonera maphunziro ena, ndipo unduna upereke malangizo olembedwa a chitetezo kuti mphunzitsi wamkulu asamaope kuti mwana akangodzikanda ndiye kuti mlandu wagwera iye yekha.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani kuti musachite, chifukwa chingaphe zonse zimene ndafotokozazi. Musasandutse masewerawa kukhala manotsi oloweza ndi mafunso a pa pepala, mwana n'kumalemba mbiri ya parkour asanadumphepo chipika, ndipo musathamangire kukhazikitsa matimu ndi zikho za masewerawa, chifukwa tikatero tidzabwereranso pa ana ochepa osankhidwa ndi gulu lalikulu la pansi pa mtengo. Ngati pafunika kuyeza, mwana ayezedwe poyerekeza ndi pamene iye mwini anayambira teremuyo, ndiponso pa momwe amathandizira anzake ndi kusamalira chitetezo.

Sindikupempha kuti musinthe dziko lonse m'chaka chimodzi. Sankhani sukulu zochepa m'chigawo chilichonse cha maphunziro, zina za kunyanja, zina za m'tsinde mwa mapiri, zina za m'malo othithikana monga Ndirande, Kawale ndi Chibavi, muyese ndondomekoyi kwa chaka chimodzi cha sukulu mogwirizana ndi makomiti a sukulu, magulu a amayi ndi mabungwe amene ali kale ndi luso la masewerawa. Muwerenge ana amene akutenga nawo mbali pa chiyambi ndi pa mapeto, padera anyamata padera atsikana, mulembe ngozi zonse zimene zachitika, mufunse anawo maganizo awo, ndipo zotsatirazo muzilengeze poyera kuti makolo ndi aphunzitsi tidzathe kukambirana nanu za sitepe yotsatira.

Ine wanu mwaulemu,

Kholo komanso mphunzitsi wa ku pulayimale